Kodi n'chifukwa chiyani sitima siingodutsa malire a mayiko onse?

Nabanda:
Moni nonse. Pali nkhani ya sitima zapamtunda imene yandizunguza mutu, ndipo ndikukhulupirira kuti pakati pathu pali ena amene angaimasulire bwino. Sitima yonyamula anthu yochokera ku China kupita ku Mongolia ikafika m'tauni ya Erenhot, pamalire a China ndi Mongolia, siingopitirira ndi ulendo wake. Amailowetsa m'shedi yaikulu, amamasula mabogi ake, amawakweza m'mwamba ndi majeke anthu ali momwemo, kenako amachotsa mawilo onse n'kulowetsa ena, ndipo ntchito imeneyi imatenga maola angapo. Kodi njanji si njanji basi? Chinaletsa mayiko oyandikana kugwirizana pa chinthu chooneka chophweka chotere n'chiyani?

Bambo Mbewe:
A Nabanda, mwayambira penipeni pamene pagona nkhani yonse ya njanji. Chimene chimasiyana ndi mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri zimene mawilo amayendapo. Ku China, ku North America ndi m'mayiko ambiri a ku Ulaya mpatawo ndi mamilimita 1,435, pamene ku Mongolia ndi ku Russia ndi mamilimita 1,520. Kusiyanako ndi mamilimita 85 okha, koma n'kokwanira kugwetsa sitima. Ndipo si mitundu iwiri yokhayo ayi. Ku India njanji zikuluzikulu ndi za mamilimita 1,676, ku Spain ndi ku Portugal 1,668, ku Ireland 1,600, kumwera kwa Africa ndi njanji zakale za ku Japan 1,067. Amene ankayala njanji zoyambirira sankaganiza za ulendo wodutsa mayiko. Ankafuna kuchotsa malasha kumgodi kupita kudoko, kapena kulumikiza mizinda iwiri, ndipo aliyense ankasankha muyeso womukomera. Pamene njanjizo zinkadzakumana, makilomita masauzande anali atayalidwa kale.

Jere:
Ine ndinamva kuti muyeso wa 1,435 unachokera ku magaleta ankhondo a Aroma akale, ndipo kuti ndi mpata wokwanira akavalo awiri oyenda moyandikana. Nkhaniyi imafala kwambiri pa intaneti.

Mphunzitsi Soko:
Imafaladi, Bambo Jere, koma yathiridwa mchere wambiri. Palibe unyolo wa umboni wochokera ku Roma kudzafika pa njanji za lero. Choona chake n'chakuti ngolo zokokedwa ndi kavalo, kulikonse ndi nthawi iliyonse, zinkakhala za mulifupi wofananako, popeza kavalo ndi kavalo basi. George Stephenson, katswiri wa njanji wa ku England, anatengera muyeso wa tinjanji ta m'migodi ya malasha kumpoto chakum'mawa kwa England, kumene ankagwira ntchito, umene unali mafiti 4 ndi mainchesi 8. Umenewu ndiwo anagwiritsa ntchito pa njanji ya Stockton ndi Darlington, yotsegulidwa pa 27 September 1825, ndipo pambuyo pake anawonjezera theka la inchi kuti mawilo asamathine pokhota, ndipo umenewu ndiwo muyeso uja wa 1,435.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti muyesowu unapambana chifukwa cha kuchuluka, osati ubwino. Isambard Kingdom Brunel, katswiri wa kampani ya Great Western Railway, anauona kuti ndi wopanikiza, ndipo anayala njanji yake yochokera ku London kupita ku Bristol ndi mpata wa mamilimita 2,140. Sitima zake zinkathamanga kwambiri ndiponso zinkayenda mosagwedezeka. Mavuto anaonekera pa siteshoni ya Gloucester, pamene miyeso iwiriyi inakumana: munthu aliyense, thumba lililonse ndi chiweto chilichonse zinkayenera kutsika m'sitima ina n'kukwera ina. Mu 1846 nyumba ya malamulo inalamula kuti njanji zatsopano zonyamula anthu ku Britain zizitsata muyeso wa Stephenson, popeza ndiwo unali utayalidwa pamtunda wautali. Njanji yomaliza ya Brunel inasinthidwa mu May 1892. Kwa ine, Brunel anali wolondola pa luso koma anachedwa kufika.

Jere:
Nanga ya Russia? Si paja amati anasankha dala mpata waukulu kuti adani asamalowe ndi sitima zawo?

Mphunzitsi Soko:
Pankhondo zikuluzikulu ziwiri za padziko lonse kusiyanako kunavutitsadi asilikali a Germany, amene ankayenera kusuntha zitsulo za njanji pamene ankalowa m'dzikomo. Koma chotsatira cha chinthu si ndicho cholinga chake. Njanji ya St Petersburg kupita ku Moscow, yotsegulidwa mu 1851, inayalidwa ndi mpata wa mafiti 5, pafupifupi mamilimita 1,520 aja, potsatira uphungu wa George Washington Whistler, katswiri wa ku America, ndipo nthawi imeneyo muyeso womwewo unali wofala m'zigawo zakumwera kwa United States. Anthu a kumwerako anadzausiya mu 1886 m'njira yodabwitsa. Pa 31 May ndi 1 June chaka chimenecho, magulu a antchito anazula misomali ya chitsulo chimodzi cha njanji, n'kuchisunthira mkati mainchesi 3, pamtunda woposa makilomita 18,000, m'masiku awiri okha. Anali atakhomeratu misomali yamkati pamalo atsopano kuti tsikulo likafika angokankha chitsulocho.

Nachisale:
Vutoli silinali la mayiko osiyana okha. Ku Australia, dziko limodzi, zigawo zinasankha miyeso itatu, ndipo mpaka 1962 munthu wochokera ku Sydney kupita ku Melbourne ankatsika pa siteshoni ya Albury kuti asinthe sitima. Ku Africa nako nkhani ndi yomweyo. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi, imene inamangidwa ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975, ili ndi mpata wa mamilimita 1,067 kuti ilumikizane ndi njanji za ku Zambia. Koma njanji yakale yodutsa pakati pa Tanzania, imene anayala Ajeremani, ndi ya mita imodzi, ndipo yatsopano imene dzikolo layala posachedwapa ndi ya 1,435. Choncho mumzinda umodzi wa Dar es Salaam muli miyeso itatu, ndipo bogi la njanji ina silingayende pa inzake.

Anthu a ku Spain ndiwo anapeza njira yochenjera. Sitima za kampani ya Talgo zili ndi mawilo otha kusendezeka: sitimayo imadutsa pang'onopang'ono pamalo okonzedwa mwapadera, mawilo amamasuka, amasuntha, n'kukhomekanso pa muyeso watsopano, osaima n'komwe.

Nabanda:
Zikomo kwambiri, zayamba kumveka. Koma ngati mpata waukulu umathandiza sitima kuyenda bwino, n'chifukwa chiyani ena anasankha wochepa ngati 1,067?

Bambo Mbewe:
Ndalama ndi mapiri, mayi. Njanji yopapatiza imatha kukhota mwamphamvu, motero imazungulira phiri m'malo moliboola, ndipo milatho yake imakhala yopepuka. Ku Cape, ku South Africa, anayamba ndi muyeso wa Stephenson, koma atafuna kukwera mapiri olowera kumtunda anasinthira ku wochepawu m'zaka za m'ma 1870, ndipo njanji zonse zopita kumpoto zinatsatira, kuphatikizapo ija yodutsa pamlatho wa Victoria Falls wa mu 1905.

Apa ndiloleni nditalikitse pang'ono, chifukwa zodabwitsa zambiri za sitima zimachokera pa mfundo imodzi: chitsulo chikugudubuzika pa chitsulo. Malo amene wilo limakhudza njanji ndi ochepa ngati kandalama kachitsulo, ndipo palibe chimene chimaphwanyika kapena kupindika monga limachitira tayala lamphira pamsewu. N'chifukwa chake mphamvu yochepa imakoka katundu wochuluka zedi. Pa 21 June 2001 kampani ya BHP ku Western Australia inayendetsa sitima ya mabogi 682 odzaza miyala ya chitsulo, yotalika makilomita 7.3, yolemera matani oposa 99,000, yokokedwa ndi mainjini 8 okha, kupita kudoko la Port Hedland. Woyendetsa anali mmodzi.

Koma ubwino womwewo ndiwo chilema chake. Chitsulo pa chitsulo chimaterera. Chitunda chimene galimoto imakwera woyendetsa osazindikira n'komwe, sitima yakatundu imalephera, mawilo n'kumangozungulira pamalo amodzi. Ndiye chifukwa chake mpaka lero mutu wa sitima umanyamula mchenga wouma m'mabokosi, ndipo timapaipi timauwaza kutsogolo kwa mawilo pakagwa mvula kapena pokwera mtunda. M'mayiko ozizira masamba ogwa m'mitengo amachedwetsa sitima chaka ndi chaka, pakuti akapondedwa amasanduka phala loterera lomatirira pa njanji.

Wophunzira:
Bambo Mbewe, pamenepo ndili ndi funso. Mawilo awiri a sitima ndi olumikizidwa ku chitsulo chimodzi ndipo amazungulira limodzi. Nanga pokhota, pamene wilo lakunja liyenera kuyenda mtunda wotalikirapo kuposa lamkati, zimatheka bwanji?

Bambo Mbewe:
Mwafunsa bwino. Ambiri amaganiza kuti mlomo wa wilo, uja umatsikira mkati mwa njanji, ndiwo umawongolera sitima, koma umenewo ndi chitetezo chomaliza chabe. Mukayang'anitsitsa wilo la sitima, pamene limapondera si pofanana: ndi lalikulu chamkati, n'kumachepa pang'ono popita kunja. Sitima ikalowa pokhota, mawilo onse awiri amasendezekera kunja, ndiye lakunja limayendera mbali yake yaikulu pamene lamkati limayendera mbali yake yaing'ono. Pozungulira kamodzi, lakunja layenda mtunda wotalikirapo, ndipo sitima yakhota yokha popanda chiwongolero. Kulira kwa chitsulo kumene kumamveka pokhota kwambiri ndi chizindikiro chakuti njira imeneyi yafika pamapeto ndipo mawilo ayamba kukhulika.

Nachisale:
Kuopa zitunda kumeneku ndi kumene kwabala ngalande zitalizitali zoboola mapiri. Ku Switzerland, njanji yakale ya Gotthard ya mu 1882 imakwera phiri mozungulirazungulira mkati mwa thanthwe, moti wokwera amaona tchalitchi cha m'mudzi wa Wassen katatu, choyamba ali m'munsi mwake, kenako pafupi nacho, pomaliza ali pamwamba pake. Atatopa ndi kukwerako, anaboola pansi penipeni pa mapiriwo ngalande ya makilomita 57, imene inatsegulidwa mu June 2016 ndipo ndiyo yaitali kuposa ngalande zonse za njanji zikuluzikulu. Inaposa ya Seikan ku Japan, ya makilomita pafupifupi 54, yotsegulidwa mu 1988. Ya pakati pa England ndi France, ya mu 1994, ndi ya makilomita 50, koma ndiyo ili ndi gawo lalitali kwambiri lodutsa pansi pa nyanja, makilomita pafupifupi 38.

Pamene kuboola n'kosatheka amaika mano. Njanji yokwera phiri la Pilatus, ku Switzerland komweko, yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1889, ndipo pamalo ena imakwera mamita 48 pa mamita 100 aliwonse, mawilo a mano akuluma chitsulo cha mano chapakati pa njanji. Mbali inayo kuli chigwa cha Nullarbor ku Australia, kumene njanji imayenda makilomita 478 osakhota ngakhale pang'ono.

Jere:
Zonsezi n'zabwino, koma ine chimene chimandikoka ndi liwiro. Pa 3 July 1938 injini ya nthunzi yotchedwa Mallard, yopangidwa ndi Nigel Gresley, inafika makilomita 203 pa ola ku England, ndipo palibe injini ya malasha imene yavomerezedwa kuti inaposa pamenepo. Lero ili m'nyumba yosungira za njanji ku York. Ku France sitima ya TGV inafika makilomita 574.8 pa ola pa 3 April 2007, ndipo ku Japan sitima yoyandama pa maginito inafika 603 mu April 2015. Tsogolo la njanji lili pamenepo.

Bambo Mbewe:
Bambo Jere, manambalawo ndi oona, koma tiwaone ndi maso awiri. Mallard inathamanga liwiro limenelo ikutsika mtunda wa Stoke Bank, kwa kanthawi kochepa, ndipo chitsulo china chamkati chinatentha mpaka anaichotsa pa sitimayo ku Peterborough isanafike ku London. TGV ija inali yofupikitsidwa, yoikidwa mawilo okulirapo, ndipo magetsi a m'mawaya anawonjezeredwa chifukwa cha tsikulo; tsiku ndi tsiku sitima zimenezi zimayenda makilomita 320 pa ola. Ya maginitoyo ndimakayika ngati tingaiwerengere pamodzi ndi zinazi, popeza ikathamanga siikhudza njanji, ndipo siingalowe m'siteshoni iliyonse imene ilipo kale. Ndi vuto lija la Gloucester m'chovala chatsopano.

Chimene ine ndimachipatsa ulemu ndi Shinkansen, sitima yaliwiro ya ku Japan. Inayamba pa 1 October 1964 pakati pa Tokyo ndi Osaka, masiku ochepa masewera a Olympic asanayambe, ikuyenda makilomita 210 pa ola. Ajapani anaona kuti njanji zawo za 1,067, zokhotakhota, sizingapirire liwiro lotero, ndiye anayala yatsopano ya 1,435, yopanda msewu uliwonse woidutsa pamtunda umodzi. Kuchokera nthawi imeneyo palibe wokwera amene wafa chifukwa cha kugundana kapena kugwa kwa sitima zimenezi, m'dziko la zivomezi. Imeneyo ndi mbiri yolemera kuposa liwiro la tsiku limodzi.

Jere:
Pa Shinkansen tagwirizana, koma sindikuvomereza kuti kuyesa liwiro n'kungodzionetsera. Zimene amaphunzira pa 574 ndi zimene zimachititsa kuti 320 ikhale yotetezeka. Taonani China, imene tsopano ili ndi makilomita oposa 40,000 a njanji zaliwiro, ndiponso Morocco, imene mu 2018 inayambitsa sitima yaliwiro ya Al Boraq pakati pa Tangier ndi Casablanca, yoyamba ya mtundu umenewu mu Africa.

Nangondo:
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndaona kuti masiteshoni sanatchulidwe mokwanira. Ya Shinjuku ku Tokyo imalandira anthu oposa 3 miliyoni patsiku ndipo ili ndi makomo otulukira oposa 200. Grand Central ku New York, yotsegulidwa mu 1913, ili ndi mapulatifomu 44, ochuluka kuposa siteshoni ina iliyonse. Pulatifomu yaitali kwambiri ili ku Hubballi ku India, mamita 1,507. Koma imene imandigometsa ndi ya Tanggula, pa njanji yopita ku Lhasa ku Tibet imene inatsegulidwa mu July 2006. Ili pamtunda wa mamita 5,068 kuchokera pamwamba pa nyanja, kumene mpweya ndi wochepa moti mabogi amawonjezeredwa okosijeni. Gawo lalikulu la njanjiyo linayalidwa pa nthaka youma ndi chisanu chaka chonse, imene ikasungunuka imasanduka matope. Choncho m'mbali mwa njanji anazika mapaipi achitsulo oimirira, okhala ndi amoniya mkati, amene amatulutsa kutentha m'nthaka kuti isasungunuke. Kwina akatswiri amalimbana ndi kuzizira, kumeneko amakusunga.

Mphunzitsi Soko:
A Nangondo mwatikumbutsa masiteshoni, ndiye tisaiwale wotchi ya pakhoma lake. Kusanabwere njanji, mzinda uliwonse unkatchera nthawi yake poyang'ana dzuwa, ndipo Bristol inali kumbuyo kwa London ndi mphindi pafupifupi 10. Kwa woyenda pangolo zimenezo zinalibe kanthu, koma sitima ziwiri zogwiritsa ntchito njanji imodzi sizingayendere mawotchi awiri. Mu 1840 Great Western inayamba kutsata nthawi ya London m'masiteshoni ake onse. Anthu ena anakana, ndipo mpaka lero wotchi ya panyumba ya Exchange ku Bristol ili ndi mivi iwiri ya mphindi, wina wa nthawi ya mzindawo, wina wa London. Ku America makampani a njanji anagawa dziko m'zigawo za nthawi pa 18 November 1883, boma lisanakhazikitse lamulo lake, limene linadzabwera mu 1918. Ku Russia, njanji ya Trans-Siberian ya makilomita 9,289 kuchokera ku Moscow kukafika ku Vladivostok inkayendera nthawi ya Moscow mpaka 2018, moti ku Vladivostok wotchi ya pasiteshoni inkasiyana ndi ya mumsewu ndi maola 7.

Nachisale:
Pa antchito a m'masiteshoni, awiri odziwika kwambiri sanali anthu. Ku Uitenhage ku South Africa, m'zaka za m'ma 1880, James Wide, wogwira ntchito yopereka zizindikiro kwa sitima amene anaduka miyendo pangozi, anaphunzitsa nyani wotchedwa Jack kukoka zitsulo zosinthira zizindikirozo pomvera kulira kwa wezulo ya sitima. Akuluakulu a njanji atamuyesa anamulola kupitiriza ntchito, ndipo anaigwira mpaka imfa yake mu 1890. Ku Japan, mu 2007, mphaka wotchedwa Tama anapatsidwa udindo wa mkulu wa siteshoni ya Kishi m'chigawo cha Wakayama, pa kanjanji kamene kanatsala pang'ono kutsekedwa, ndipo alendo obwera kudzamuona anathandiza kuti kapulumuke. Kusiyana kwake n'kwakuti Tama ankangovala chipewa, pamene Jack ankagwiradi ntchito.

Wophunzira:
Ndibwerere kwa Bambo Mbewe pa sitima ija ya makilomita 7. Ngati chitsulo chimaterera chonchi, sitima yotero imaima bwanji? Ndipo bogi likaduka pakati pa ulendo chimachitika n'chiyani?

Bambo Mbewe:
Kale zinali zoopsa. Ku America kunali antchito amene ankathamanga pamwamba pa mabogi sitima ikuyenda, mvula kaya chipale, n'kumapotokola mabuleki a bogi lililonse ndi manja woyendetsa akaliza wezulo, ndipo ambiri anagwa n'kufa. George Westinghouse anabweretsa mabuleki a mpweya mu 1869, koma oyambawo anali ndi chilema: mpweya ndiwo unkamanga mabuleki, ndiye paipi ikaduka sitima inkatsala yopanda choimitsira. Mu 1872 anatembenuza nzeruyo. Paipi imodzi imayenda kuchokera ku injini mpaka bogi lomaliza ili yodzaza mpweya, ndipo bogi lililonse lili ndi thanki yake yaing'ono. Malinga ngati paipi ili yodzaza, mabuleki amakhala omasuka. Woyendetsa akafuna kuima amatulutsa mpweya m'paipimo, ndipo valavu ya pa bogi lililonse ikamva kuchepako imatsegula thanki yake kuti ikankhe mabuleki. Choncho bogi likaduka, paipi imaduka nayo, mpweya umathawa, ndipo zidutswa zonse ziwiri zimadzimanga zokha.

Pa sitima yaitali pamabuka vuto lina. Kuchepa kwa mpweya kumatenga masekondi angapo kuti kufike kumchira, ndiye mabogi akutsogolo amakhala atamanga pamene akumbuyo akubwerabe ndi liwiro lawo, n'kumakankha anzawo. Ndiye chifukwa chake mainjini 8 aja sanali onse kutsogolo. Anawagawa m'malo osiyanasiyana mkati mwa sitimayo, onse akumvera woyendetsa mmodzi kudzera pa wailesi, kuti akoke pamodzi ndiponso atulutse mpweya nthawi imodzi. Ngakhale zili choncho, sitima yakatundu yolemera imene ikuyenda makilomita 80 pa ola imafuna mtunda woposa kilomita imodzi kuti iime, ndipo woyendetsa akaona galimoto itaima pa njanji patsogolo pake, nthawi zambiri amakhala atachedwa kale.